*FONI IMALIRA AKAMAFUNA NDALAMA ZATHU, MADZI AKAMABWERA ILI ZII*



Uthengawu ndi wautali, tikudziwa. Bandulo ndi yodula, tikudziwanso. Koma werengani mpaka pansi musanaugawe, chifukwa dzinja likubwera ndipo nkhaniyi ikukhudza miyoyo ya abale athu.

Tsegulani mameseji pa foni yanu pompano, muwerenge khumi omaliza. Tikuuzeni zomwe mwapeza. Wina akuti gulani bandulo muwine galimoto. Wina akuti betchani timu ya ku England, mwina lero ndi tsiku lanu. Wina akuti mwayenerera kangongole, dinani apa. Winanso ndi tsinzinantole uja wa "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Nthawi ya kampeni ikafika, nawo andale amadziwa polowera. Mameseji amenewa sachedwa, sasochera, safunsa ngati uli m'tauni kapena kumudzi. Amakupeza usiku, amakupeza pamaliro, amakupeza uli m'bwato pakati pa nyanja.

Ndiye funso lathu ndi limodzi basi. Ngati meseji yofuna ndalama zathu imafika paliponse, chikulepheretsa n'chiyani kuti meseji yoti "madzi akubwera, thawirani kumtunda" ifike pa foni yomweyo, m'chilankhulo chathu, nthawi ikadalipo?

*KWERANI PHIRI MUONE*

Tsiku lina kukacha bwino, kwerani phiri la Zomba mukaime ku Emperor's View. Alendo amajambula zithunzi pamenepo n'kumapita. Inu yang'anitsitsani kum'mawa. Chonyezimira chija ndi nyanja ya Chilwa, ndipo kaphiri kali pakati pa madziko ndi chilumba cha Chisi. Pali anthu pamenepo, boma lomweli la Zomba, dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira. Pali sukulu, pali chipatala chaching'ono, pali amayi oyembekezera, pali ana. Kuti ufikeko umatsika m'tauni muno kupita ku doko la Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, kenako bwato.

Mvula yogwa pa phiri lino sikhala pa phiri. Imatsikira mu Mulunguzi, mu Likangala, mu Domasi, n'kukathira mu Chilwa. Zinyalala zomwe timataya mu Likangala kuno kutauni zimakathera komweko. Mitengo ikatha pa phiri chifukwa cha makala ndi matabwa, madzi amatsika mothamanga ndi matope omwe, ndipo amakathera komweko. Komanso kumbukirani za m'kalasi zija: Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Zolowa zalowa. Madzi akakwera satsika mawa ngati a mu ngalande za m'tauni. Amakhala miyezi, akudya minda ya mpunga ndi nyumba za m'mbali mwa nyanja pang'onopang'ono. Chilala chikavuta, nyanja yomweyo imaphwa, monga inachitira mu 1995 komanso mu 2018, mabwato n'kukhala pa dothi long'aluka.

Ndiye kuti ife a m'tauni ndi anthu a ku Chisi tili pa chingwe chimodzi. Ife tili kumtunda, iwo ali kumunsi. Mvula ikayamba kuwirira pa phiri, ife timaiona ndi maso. Iwo amamva ndi madzi pakhomo.

*FONI KU CHILUMBA SI YA MANYADO*

Kuno kutauni foni ndi ya ma status ndi TikTok. Ku chilumba, kafoni ka mabatani kaja ndi mlatho. Msodzi amaimba ku Kachulu kufunsa mtengo wa matemba, mlamba ndi makumba asanapalase bwato. Mayi wogulitsa nsomba zouma amalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuchokera kwa kasitomala wa mu msika wa Zomba kapena ku Limbe, osayenda ndi ndalama m'chitenje pamadzi. Mayi woyembekezera zinthu zikavuta usiku, foni ndi imene imadzutsa mwini bwato. Mwana ali ku sekondale kumtunda amafulasha, makolo n'kudziwa kuti sopo watha. Asodzi ena amakhala miyezi pa zimbowera, timisasa toyandama tomanga pa udzu wa m'nyanja, ndipo chowalumikiza ndi dziko ndi foni yomweyo ndi kawailesi.

Anthu amenewa amagula mayunitsi ngati ife. Msonkho wa 10 peresenti womwe boma linaika pa ma SMS ndi intaneti mu 2015 amaulipira ngati ife, ndi VAT pamwamba pake. Akamatapa ndalama amadulidwa ngati ife. Pa kulipira palibe woti uyu ndi wa pachilumba. Kusiyana kumayamba tsiku la tsoka.

*ZOMWE FREDDY ANATIONETSA*

Sitikunena zongopeka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy analowanso kumtunda cha ku Quelimane, ku Mozambique, n'kudzakhuthula mvula m'chigawo chakummwera masiku angapo osapumira. Pa 13 Malichi, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti kummwera kwagwa ngozi. Ku Soche ndi ku Chilobwe mu Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Phalombe, mapiri anagumuka n'kukwirira anthu m'nyumba. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa mpaka lero. Oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo. Zonsezi zinachitika dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700.

Mmodzi mwa ife, amene wagwira foni kulemba uthengawu, ali ndi azakhali ake ku Chisi. Masiku anayi tinkasinthana mafoni kuwaimbira. Yankho linali limodzi, kamawu kaja koti nambalayo sikupezeka. Sitinadziwe ngati ali moyo. Atapezeka anatiuza zomwe zinachitika, ndipo si zachilendo ayi. Mitambo itatseka dzuwa masiku atatu, kasola kotchajira foni kanasiya kugwira ntchito. Foni inathima tsiku lachiwiri. Amene anali ndi moto pang'ono ankakwera kumtunda kusaka netiweki koma osaipeza. Mabwato sankayenda chifukwa cha mphepo.

Patapita nthawi, dzina lawo linalowa m'kaundula wa thandizo la ndalama za pa foni. Koma SIM yomwe ankagwiritsa ntchito inali yolembetsa m'dzina la mwana wawo amene ali ku Joni, ndipo chiphaso chawo cha unzika chinanyowa n'kuwonongeka pamodzi ndi katundu. Atakonza zimenezo patatha masabata, ejenti wapafupi analibe ndalama zoti awapatse. Anakwera bwato, kulipira popita, kulipira pobwera, kudulidwa potapa. Anatiuza kuti, "Ana inu, thandizo lija theka lake lathera pamadzi."

Sititchula kampani, sititchula ofesi, chifukwa vuto si la munthu mmodzi wa pa kauntala. Vuto ndi dongosolo lonse limene linamangidwa ngati kuti Mmalawi aliyense amakhala pafupi ndi soketi, ali ndi chiphaso chouma m'thumba, ndipo ejenti ali kuseri kwa nyumba.

*TINENE CHILUNGAMO*

Ena atiyankha kuti, "Mesa a zanyengo anachenjeza?" Eya, anachenjeza. Nthambi yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo inanena za Freddy masiku angapo asanafike. DoDMA inatulutsa zikalata. Mawailesi analengeza. Ogwira ntchito kumeneko ena sanagone, ndipo sitikuwanyoza. Asilikali, apolisi, a Red Cross ndi anthu wamba anapulumutsa miyoyo ndi manja awo. Zimenezo sitingazifufute.

Koma chenjezo lotuluka mu ofesi ndi chenjezo lofika m'khutu la munthu ndi zinthu ziwiri. Chikalata cha chizungu choikidwa pa Facebook chimafika kwa ife a mafoni akuluakulu amene tili ndi bandulo tsiku limenelo. Kwa agogo a kafoni ka mabatani sichifika. Uthenga woti "chigawo chakummwera kugwa mvula yamphamvu" ndi woona, koma chigawo chakummwera chikuyambira ku Mangochi mpaka ku Nsanje. Msodzi ali pa chimbowera akufuna kumva zina: mphepo iyamba liti, aleke kupalasa kuyambira nthawi yanji, athawire kuti, ndipo bwato lomutenga lili kuti. Mawu oti "mamilimita 150 pa maola 24" sauza mayi wa ana atatu kuti anyamule chiyani.

Ena atinso, "Anthu ake ndi osamva, amauzidwa koma sasamuka." Mawu amenewa amatiwawa kwambiri. Munthu amene chuma chake chonse ndi ukonde, mbuzi ziwiri ndi thumba la mpunga, ukamuuza kuti thawa osamuuza kothawira, osamutsimikizira kuti katundu wake akamupeza, wamupatsa mantha basi, sunamupatse njira. Ndipo pachilumba ngakhale utamva bwanji, popanda bwato supita kulikonse. Tisamanamizire anthu kusamva pamene sitinawayankhule m'njira yoti amve.

Enanso ati, "Freddy anali wachilendo, palibe akanakonzekera." Zoona, bungwe loona za nyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense m'mbiri yolembedwa. Koma Zomba si mlendo pa zimenezi. Mu Disembala 1946 phiri lomweli linagumuka, madzi ndi miyala n'kutsikira m'tauni, kukokolola milatho ndi kupha anthu. Makolo athu anati wadutsa Napolo. Mu Malichi 1991 zinachitika ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kufa. Mu Januwale 2015 madzi osefukira. Mu 2019 Idai. Mu 2022 Ana, amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, kenako Gombe patangopita masabata. Mu 2023 Freddy. Idai anabwera boma lili la chipani china, Freddy anabwera lili la chipani chinanso. Choncho musatifunse kuti tatumidwa ndi ndani. Madzi safunsa mtundu wa nsalu yomwe wavala. Chinthu chobwera kawirikawiri chonchi si chadzidzidzi, ndi kalendala.

*KWINA ANATHA, NDIPO SI KUMWAMBA*

Pali njira ina yotchedwa cell broadcast. Siili ngati SMS wamba yomwe imapita ku nambala imodziimodzi n'kumadikira pamzere netiweki ikadzaza. Iyi nsanja ya netiweki imangofuula kamodzi, foni iliyonse yoyaka imene ili m'dera la nsanjayo n'kulandira nthawi yomweyo. Safuna kudziwa nambala yako, safuna mayunitsi ako, safuna bandulo. Angathe kusankha nsanja za m'mbali mwa Chilwa zokha, osasokoneza anthu a ku Karonga. Ku Japan amachenjeza anthu za chivomerezi ndi njira imeneyi.

Mwina muti Japan ndi olemera. Chabwino, tengani Philippines, dziko la zilumba zikwizikwi. Namondwe wa Haiyan atapha anthu oposa 6,000 mu 2013, chaka chotsatira anakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani a mafoni kutumiza machenjezo a ngozi mwaulere kwa anthu a m'dera lomwe lili pachiopsezo. Lamulo, osati chifundo cha kampani. Tengani Bangladesh. Mu 1970 namondwe anapha anthu osachepera 300,000. Lero anamondwe amabwerabe koma imfa zinatsika kwambiri, chifukwa uthenga ukafika pa foni pali anthu odzipereka ophunzitsidwa amene amazungulira m'midzi ndi zimkuzamawu, ndipo pali nyumba zolimba zothawirako. Foni, munthu, ndi kothawira. Zitatu zimenezi zimayendera limodzi.

Mu 2022 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, analengeza cholinga choti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko lapansi akhale wofikiridwa ndi chenjezo la ngozi. Aliyense ndiye kuti ndi wa ku Chisi yemwe.

Ngakhale kwathu konkuno zitsanzo zilipo. Chipatala Cha Pa Foni, 54747, chinayamba ku Balaka n'kufalikira dziko lonse. Nambala ya 116 yothandiza ana, a YONECO akuiyendetsa kuchokera mu Zomba momwe muno. Mu 2016 asodzi a pa Chilwa analandira katemera wa kolera wakumwa, a pa zimbowera omwe, kutanthauza kuti akafuna kuwafikira amawafikira. Ndiye asatiuze kuti n'zosatheka. Luso lilipo, nsanja zilipo, malamulo alipo. Lamulo la za mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, ntchito yake kufikitsa netiweki kumadera komwe makampani saonako phindu. Lamulo latsopano la za ngozi zogwa mwadzidzidzi linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2023, Freddy atangopita, kulowa m'malo mwa lakale la 1991. Taonani zaka zimenezo. Malamulo onse awiri anabwera maliro atachitika kale. Ife tikufuna kuti ulendo uno ntchito itsogole, maliro asatsogolenso.

*ZOMWE TIKUFUNA*

Kwa DoDMA, MACRA, nthambi ya zanyengo, khonsolo ya boma la Zomba, khonsolo ya mzinda wa Zomba, makampani a mafoni, aphungu ndi makhansala athu:

1. Chenjezo la ngozi lifike pa foni iliyonse ya m'dera lokhudzidwa, mwaulere, kaya ndi foni yaikulu kaya ya mabatani. Likhale lamulo lolembedwa mu chiphaso cha kampani iliyonse ya mafoni, osati kupempha mochonderera tsiku la tsoka.

2. Uthengawo ukhale m'Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe, wamfupi, wotchula malo ndi chochita. Utchule Kachulu, utchule Chisi, utchule sukulu kapena tchalitchi kapena mzikiti wothawirako. Pakhalenso uthenga wa mawu woimbira foni, chifukwa si onse amawerenga.

3. Nsanja za netiweki zozungulira Chilwa zikhale ndi sola ndi mabatire otha kupirira masiku angapo magetsi atathima. Nsanja yomwe imafa tsiku lomwe ikufunika kwambiri ndi chitsulo chabe. MACRA itiuze poyera kuti thumba la Universal Service Fund latolera zingati, lagwira ntchito yanji, ndipo m'chigwa cha Chilwa mwafika chiyani.

4. Pakhale nambala imodzi yaifupi, yaulere pa netiweki iliyonse, yodziwika kwa mwana aliyense wa pulayimale, yoti munthu aimbe kapena atumize meseji kuti "tili pakuti, tilipo angati, madzi afika apa". Ndipo mbali inayo pakhale munthu woyankha usiku ndi usana. Foni isamangotiyankhula, nafenso tiziyankhula.

5. Pa sukulu, pa chipatala ndi pa doko pakhale malo otchajira mafoni okhala ndi batire lalikulu. Makomiti a m'midzi oona za ngozi apatsidwe wailesi, chimkuzamawu, wenzulo ndi mayunitsi dzinja lisanayambe, osati malaya olembedwa dzina la pulojekiti okha.

6. Dera likalengezedwa kuti lagwa ngozi, ndalama za thandizo zisadulidwe potapa. Ma ejenti a kumeneko apatsidwe ndalama zokwanira. Wotaya SIM kapena chiphaso m'madzi athandizidwe komweko ndi umboni wa mfumu ndi komiti, osamuyendetsa mpaka ku boma. Kalembera wa SIM amene anayamba mu 2018 asasanduke mpanda wotsekera ovutika kunja.

7. Kaundula wa olandira thandizo amatidwe poyera pa sukulu ndi pa doko, ndipo wolandira aliyense auzidwe pa meseji kuti akuyenera kulandira zingati komanso liti. Munthu wodziwa gawo lake savuta kumuteteza kwa akuba. Ndipo pakhale njira yodandaulira mwachinsinsi, makamaka kwa amayi ndi atsikana amene ena amawauza kuti dzina lilowa m'kaundula akagona nawo.

8. Pa Kachulu pakhale boti la injini, mafuta ake ndi majekete oyandamitsa, zokonzeka kuyambira mvula yoyamba mpaka yomaliza. Meseji siyandama.

Muona kuti pa mndandandawu palibe ndege, palibe nyumba ya magalasi. Zambiri ndi zotsika mtengo kuposa msonkhano umodzi wa kunyanja wokambirana za "kupirira ku ngozi" uku akugawana ma alawansi. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe atapita Freddy anapeza kuti zowonongeka zinapitirira madola 500 miliyoni a ku America. Yerekezani ndalama imeneyo ndi mtengo wa batire la nsanja.

Ndipo asanene kuti anthu ogwira ntchitoyi palibe. Ambiri mwa ife tili ndi madigiri ali m'chikwama pansi pa bedi. Wolemba uthengawu ali ndi zaka 24, anavala gauni, anajambulitsa, lero akugulitsa mayunitsi ndi kulembera anthu makalata ofunsira ntchito zomwe iye mwini sakuzipeza. Pakati pathu pali a zamakompyuta, a zamapu, a zilankhulo, a zaumoyo. Tingathe kumasulira machenjezo, kujambula mapu a midzi yomwe imamira, kuphunzitsa makomiti, kukhala pa foni yoyankha usiku. Dziko linatiphunzitsa ndi misonkho ya asodzi omwewo. Kutisiya tikuwotha dzuwa pa Chikanda pamene ntchito ili poyera chonchi ndi kuwononga kawiri.

*NAFENSO TIDZIYANG'ANE*

Tisaloze chala kunja kokha. Mvula ikakula, magulu athu a WhatsApp amadzaza ndi zinyalala. Voice note ya munthu wosadziwika akuti damu laphulika. Kanema wa madzi osefukira wa dziko lina, wa zaka zapitazo, wina n'kulembapo kuti ndi Likangala lero. Timagawa mothamanga kuti tikhale oyamba. Zotsatira zake, anthu amathawa usiku popanda chifukwa, ndipo tsiku lomwe chenjezo lenileni lafika amati ndi zomwe zija. Bodza limodzi limapha machenjezo khumi oona. Wogawa bodza nthawi ya ngozi ali mbali imodzi ndi madziwo.

Choncho pamene tikudikira akuluakulu, ife tichite izi kuyambira lero:

Aliyense amene ali ndi m'bale ku Chisi, ku Kachulu, ku Jali, ku Domasi kapena kulikonse m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje, akhale wailesi ya m'bale wakeyo. Ukaona chenjezo lochokera ku nthambi ya zanyengo kapena DoDMA, usangoika pa status. Imba. Lankhula Chichewa chomveka. Uzani azakhali, amalume, agogo kuti atchaje foni dzuwa likadalipo, aithimitse n'kumaiyatsa pa nthawi yomwe mwagwirizana kuti batire lichedwe kutha.

Auzeni aike chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala ndi foni mu pulasitiki womanga bwino. Alembe manambala ofunika papepala, chifukwa foni ikafa manambala amafera momwemo. Ngati SIM yawo ili m'dzina la munthu wina, athandizeni kukonza panopa kukadali kouma.

Usagawe uthenga wa ngozi umene sukudziwa gwero lake. Funsa kaye kuti wanena ndani, liti, za kuti. Ukakayika, usiye.

Komanso tisiye kutaya zinyalala mu Likangala, ndipo tikamagula makala otsika pa phiri tizidziwa kuti ngongole yake akulipira ndani kumunsi.

*CHOTSATIRA*

Tikulemba kalata yofunsa mafunso pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Tikufunsa kuti ndondomeko ya boma la Zomba yokonzekera dzinja ili pati, muli chiyani chokhudza Chisi ndi asodzi a pa zimbowera, ndi ndani amene ali ndi udindo wodina batani la chenjezo, ndipo boti lili kuti. Mayankho tidzawaika pompano momwe abwerere, osawonjezera, osachotsera. Akayankha bwino tidzawayamikira poyera. Akakhala chete tidzanenanso poyera.

Mfundo zisanu ndi zitatu zija tikazipereka kwa bwanamkubwa wa boma la Zomba. Tikapita mwamtendere, titadziwitsa akuluakulu monga lamulo likunenera, pogwiritsa ntchito ufulu wathu wa mu gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino. Wobwera ndi mwala, wobwera kudzathyola shopu ya munthu, si wathu ndipo asabwere. Mayi wogulitsa tomato pa depoti sanathimitse nsanja ya netiweki. Tsiku ndi malo okumanirana tidzalengeza pa gulu lino lokha. Mukamva kwina, n'zabodza.

Pakadali pano, funsani khansala wanu ndi phungu wanu funso limodzi, pamaso kapena pa foni: "Madzi akabwera usiku, anthu a ku Chisi adzamva bwanji, ndipo adzakwera chiyani?" Lembani yankho lake, mutitumizire. Nthawi ya kampeni nambala zathu anali nazo. Ayankhe pa nambala zomwezo.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife a pansi pa phiri tisadzinamize kuti nkhaniyi ndi ya pachilumba pokha. Nyumba za lendi zomwe tikukhala m'mphepete mwa Likangala ndi m'mapazi mwa phiri sizolimba kuposa za ku Chilobwe. Meseji yomwe tikumenyera azakhali a ku Chisi ndi yomweyo idzatidzutse ife usiku wina.

Gawani uthengawu ku magulu a kwanu, a kutchalitchi, a kumzikiti, a mpira, a anzanu a kusukulu. Amene alibe WhatsApp muwawerengere. Ndipo musanagone lero, imbirani m'bale wanu wa kunyanja mumufunse ngati foni yake ili ndi moto.

*Achinyamata a mu Zomba. Sitikhala chete.*